Mgiriki Yemwe Sankaoneka Ngati Mgiriki

Lefteris Kalafatis ndinamudziwa ali mtembo. Ine ntchito yanga inali yopaka anthu magazi abodza kumalo ojambulira mafilimu ku Gold Coast. Iye ankabwera m'mawa, n'kukhala pampando wanga, n'kufunsa kuti lero afa ndi chiyani.

Kale ankaika matailosi m'mabafa a ku Southport mpaka maondo anakana. Atamva kuti anthu a ku Amereka akujambula filimu ya nkhondo za Agiriki akale, anathamangirako akuganiza kuti ntchito ndi yake kale, poti makolo ake onse anachokera pachilumba cha Kalymnos. Mayi wolemba anthu ntchito anangomuyang'ana kamodzi: wamfupi, wadazi, mimba patsogolo, cheya mpaka kumsana. Anamuuza mwaulemu kuti sakuoneka ngati Mgiriki. Agiriki anali atapezeka kale, anyamata ataliatali a ku Sydney omwe tinkawapaka mafuta pachifuwa kuti aziwala. Lefteris anaikidwa m'gulu la adani.

Kufa ankakutha. Anafapo ndi mkondo, anafapo ndi mwala, anapondedwapo ndi chimphona cha diso limodzi, chomwe pojambula chinali mpira wa tenesi womangirira kunsonga ya mtengo. Mkazi wake Evdokia ankati bamboyo wangopeza ntchito yomwe ankaichita kale kunyumba: kugona pansi osayankha.

Zinthu zinasintha nyuzipepala ina italemba kuti m'filimu yonse ya Agiriki munalibe Mgiriki ngakhale mmodzi. Mabwana anatekeseka. Lefteris anakamupeza pansi pa mitembo inzake akudya sangweji mobisa, ndipo tsiku lomwelo anamupatsa mpando wapamthunzi ndi udindo wa mlangizi wa chikhalidwe.

Vuto linali loti ndakatulo yaitali yomwe ankati filimuyo yachokeramo iye anali asanaiwerengepo. Ali mwana, sukulu ya Chigiriki ya Loweruka ankaithawa n'kupita kokawedza. Ndinamuuza kuti angonena zoona, koma iye anati ndilibe chisoni ndi maondo ake.

Wotsogolera filimu anamufunsa zomwe ngwazi ya Chigiriki inkachita isananyamuke kupita kunkhondo. Lefteris anakumbukira malemu mayi ake.

"Imalavula katatu, bwana, kuthamangitsa tsoka. Komanso mayi ake sailola kuchoka isanadye."

Bwanayo anagwedeza mutu, misozi ili m'maso. Zakudyazo anazichotsa, chifukwa mnyamata wosewera ngwaziyo ankaopa buledi kuposa mkondo, kuti angatuluke mimba. Atafunsanso ngati zombo za nthawi imeneyo zinkaphulika, Lefteris anati zinkatero zikakwiyitsa milungu. Anaziphulitsa zonse.

Filimu itatuluka, Agiriki a kutchalitchi kwake anapita pabasi kukaonera, wansembe ali patsogolo. Nthawi ya nkhondo itakwana, ngwazi inalavula. Malovu anauluka pang'onopang'ono, ng'oma zikugunda, mpaka anakatera pachishango cha mdani. Wansembe anatembenuka n'kumuyang'ana Lefteris nthawi yaitali. Mwa imfa zake zonse zija, chomwe chinaoneka ndi mwendo umodzi wokha, pakona.

"Mayi ako ali kumanda koma alowa mufilimu," anamunong'oneza Evdokia. "Iwe wamoyo walowa phazi."

Manyazi anamugwira ndithu. Anakagula buku la ndakatulo ija n'kumaliwerenga pakhonde, magalasi ali pamphuno, mpaka analimaliza. Anabwera kwa ine ali wodabwa. Anati ngwazi za m'bukumo zimalira kwambiri, zimalirira anzawo, zimalirira kwawo, ina mpaka kukanena kwa mayi ake. Anavomera kuti iyenso pena analira nazo.

Anapita kukamuuza wotsogolera uja, yemwe anali atayamba kukonza filimu yachiwiri. Bwanayo anamvetsera bwino, kenako analoza mnyamata wopakidwa mafuta.

"Ndani angachoke kunyumba kudzaonera chifuwa chimenechi chikulira?"

Lefteris anachiyang'ana chifuwacho. Bwana anapitiriza kufunsa ngati m'nyanja ya Agiriki munali ashaki, zinsomba zikuluzikulu zodya anthu zija, poti ngwazi inafunika kumenyana ndi mmodzi pamanja. Lefteris anapuma mozama, n'kunena kuti analimo, ndipo masiku amenewo anali aakulu kuposa a lero.