Kapu ya Ulusi Wofiira

Lero pamsika ndaona kapu yachitsulo, ndipo ndakumbukira achemwali anga.

Atayamba kutsokomola, anthu ku Kachulu anati ndi chifuwa chachikulu. Amayi anamanga ulusi wofiira pakapu ya achemwali, natiletsa kuikhudza. Achemwaliwo ankadyera okha kuseri kwa thandala lonunkha matemba.

Mpunga utacha, bambo anapita nawo kuchipatala ku Zomba, makadi a chipani, omwe ankafunsidwa paliponse masiku amenewo, ali m'thumba. Atawajambula, madokotala anapeza chotupa chamadzi m'mapapo, chosaonekaoneka. Sichinali khansa, sichinalinso chopatsirana. Anachichotsa.

Tsiku lobwerako, amayi anawatungira thobwa m'kapu yathu, maso ali pansi.

"Imwa, mwanawe. Tonse timwera momwemu."

Achemwali anaikankha pang'onopang'ono, natenga ya ulusi ija.

"Ndinazolowera yangayi, amayi."