Phiko Lomwe Amalume Adakulitsa

Amuna anga adabwera kuchokera ku Vilankulo, kunyanja ya mchere, ndi kathumba kamodzi kokwana kukhwapa. Kumeneko ankatsuka ndi kupinda zipangizo za azungu osewera pamadzi. Ife kumudzi kwathu, kufupi ndi Lifidzi, tidali titagwirizana kale, osawafunsa eni ake, kuti munthu wochokera kutali chotero abwera ndi bulangete la amayi, lalikulu lofunda anthu atatu. M'kathumbamo mudatuluka kansalu kofiira, kopyapyala, kali ndi zingwe zambirimbiri zomangidwa ku kandodo.

Adati ndi phiko. Mzungu amaima pa thabwa lokhala ndi chitsulo kunsi, nagwira kandodoko, mphepo n'kudzaza nsaluyo, thabwa n'kunyamuka pamwamba pa madzi. Chodabwitsa chake, adatero, n'chakuti munthu amatha kupita nalo kumene mphepo ikuchokera, podula uku ndi uku ngati ng'ombe yokwera chitunda ndi ngolo. Apatarau awo, abwana a kuntchitoko, adawapatsa phikolo litayamba kutha. Zimene sadanene pagulu, koma ine ndinkazidziwa, n'zakuti iwo sadakwerepo thabwalo ngakhale tsiku limodzi. Ankangolipinda.

Chaka chimenecho tinkafuna kupempha chitengwa. Amuna anga adali atakhala pachikamwini nthawi yaitali, kulima kachewere wa kwathu, kukonza nkhokwe za kwathu, ndi kuthawira kuseri kwa nyumba nthawi zonse amayi akamadutsa, poti mkamwini ndi apongozi saonana maso ndi maso. Ndinkafuna kupita kwawo, kumbali ya Domwe, koma kupita mwaulemu, amayi atandiperekeza ndi miphika. Woti avomere adali amalume, eni mbumba, munthu amene amakhulupirira kuti chinthu chilichonse chabwino chimakhala chachikulu. Ngakhale chipewa chawo chidali chowakulira.

Pofuna kuwakopa mtima, amuna anga adalonjeza chinthu chopusa. Miyezi yozizira, mwera ukamawomba, onyamula katundu pa njinga opita kumsika wa ku Kalomwe amatsika n'kumakankha, chifukwa mphepoyo imawamenya kumaso. Amuna anga adati phiko lawo likoka njinga ya amalume, ndi thumba la kachewere pamwamba, mpaka kumsika, popanda kupalasa.

Amalume adakatambasula kansaluko pabwalo, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini, kameneka kakoke thumba? Kampango ka mphuno?"

"Mphepo ikakhala yamphamvu, amalume, pamafunika kakang'ono," adayankha amuna anga, maso ali pansi. "Lalikulu ndi la tsiku lopanda mphepo. Likakula pa mwera silikwera, limangokukokerani komwe mphepo ikupita."

"Ndiye kuti ng'ombe ikakhala yamphamvu muziimanga ndi ulusi?"

Anthu adaseka. Amalume adatsokomola kamodzi, ndipo kwathu kutsokomola kwa eni mbumba ndi chigamulo. Mkamwini amanena zake kamodzi. Kachiwiri ndi mwano, ndipo wamwano sapatsidwa chitengwa. Amuna anga adati, "Zoona, amalume." Ndidawamvera chisoni, koma ndidapsanso mtima, chifukwa chinthu chimodzi chokha chomwe ankachidziwadi pa phikolo ndi chomwe adachimeza.

Mawa lake amalume adapita nalo kwa alufayate, wosoka zovala pa msika, pamodzi ndi mulu wa matumba a adubu, feteleza uja. Lidabwera phiko loti n'kufunditsa khola lonse, kofiira kaja katangotsala pakati ngati chigamba. Zingwe zidawonjezeredwa za khonje. Amalume adalizungulira manja ali kumbuyo, nkhope ili ngwee.

"Tsopano mwabwera ndi katundu, akamwini."

Ndili kumunda ndi amuna anga ndidawauza kuti anene kuti akudwala. Adandiyankha kuti wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mwambi adaudziwa, koma adaunena akuyang'ana kumbali.

M'mawa wa tsiku la msika mwera udadzuka ndi ukali wake wonse, wouma, wong'amba milomo. Mudzi wonse udali pamsewu, ena atafunda mabulangete. Amayi adaima patali, pafupi ndi mtengo wa pichesi, monga mwa mwambo. Amuna anga adakwera njinga, thumba litamangidwa kumbuyo, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa kandodo. Amalume eni ake ndiwo adaponya nsaluyo m'mwamba.

Idafufuma ndi phokoso ngati denga la malata likusasuka. Kalomwe adali kutsogolo, koma njinga sidayang'aneko n'komwe. Idatembenuka, n'kudumpha ngalande, n'kuyamba kuwerenga mizere ya m'munda mwa aneba. Thumba lidaphulika pa mzere wachitatu kapena wachinayi, kachewere n'kumwazika. Kenako njinga idatsala, amuna anga n'kupitiriza ulendo chokwawa, atakangamira kandodo, poti palibe adawauza kuti phiko la amalume angalitaye. Tidawaona komaliza akulowa m'mabulugamu a kutsidya kwa dambo.

"Mwaona mphamvu zake?" adatero amalume. "Vuto ndi woyendetsa."

Phikolo tidalipeza litakodwa m'mitengo. Munthu padalibe. Tidamva pambuyo pake kuti mphepo idawasiya pa njira ya ku Domwe, ndipo atayang'ana kumbuyo n'kuganiza za anthu onse aja, adaona kuti kwawo n'kufupi kusiyana ndi manyazi. Adapita wotsimphina.

Ndidadikira mpaka mwera udaleka. Amalume adati mkamwini wochoka osatsanzika salondoledwa, ndipo za chitengwa zisatchulidwenso pakhomo pawo. Amuna anga adatumiza mawu akuti sangathenso kudutsa pabwalo lija. Palibe adafuna kugonja, ndipo wotsala pakati ndidali ine. Tsiku lina ndidabereka mwana wathu kumbuyo, n'kusenza dengu la zovala, n'kunyamuka ndekha kulondola amuna anga ku Domwe. Padalibe miphika, padalibe nthungululu. Zidandipweteka kwambiri, ndipo mpaka pano zimandipwetekabe ndikaona mkazi mnzanga akuperekezedwa.

Amalume phikolo amayanikapo nyemba. Aliyense wodutsa amamuonetsa, n'kumuuza kuti likadakhala laling'ono lija likadayanika mbale imodzi yokha. Pamenepo sanama.

Nditapita kukacheza kwathu ulendo woyamba, ndidaona kuti pakati pa phikolo pali dzenje lotsekedwa ndi thumba lina la adubu. Amalume adati ndi makoswe. Pobwerera amayi adandiperekeza mpaka padambo. Iwo amene sadakhalepo pamphasa imodzi ndi mkamwini wawo, kapena kumuyang'ana kumaso, adandifunsa ngati maondo ake adapola. Kenako adamasula chitenje chawo, n'kutulutsa kansalu kofiira kaja, atakasomola ulusi umodziumodzi, katapindidwa mokhota.

"Ukawapatse," adatero. "Ukawauze kuti tsiku lija ine ndidamva zimene adanena. Kadali kokwana."