Bomba Limene Ndinapachika M'malo mwa Belu

Kusukulu kwathu, kufupi ndi Vubwi, belu ndi limu yakale, chitsulo cha tayala la lole, yopachikidwa pamtengo wa mango. Lolemba lililonse a depyute, achiwiri kwa a hedi, amaliza beluyo okha. Amamenya katatu, ndipo wofika kulira kwachitatu kutatha amapatsidwa khasu kuti akakumbe chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, kumene timatenga dothi loumbira njerwa. Ine khasu limenelo linkandidziwa bwino kuposa cholembera.

Lachisanu lina, ndili Giredi 10, ndikukumba ndekha, khasu linagunda chitsulo. Ndinachifukula ndi manja. Chinali ngati botolo lalikulu ladzimbiri, chokhala ndi timapiko kumchira. Ndinati mwina ndi cha mjigo wakale. Nditachigwedeza, mkati munamveka madzi, khuvu khuvu. Nzeru inandibwerera pomwepo, ndipo ndinachibisa m'udzu.

Lamlungu ndinauza amayi kuti m'mimba mukupota. Anthu atalowa m'tchalitchi ndinathamangira kusukulu, ndinamasula limu n'kuigubuduzira m'chimanga, n'kupachika chitsulo changa ndi waya wa khola la nkhuku. Ndikumanga, timadzi takuda tinachucha kumchira kwake n'kutsetsereka m'manja mwanga mpaka m'chigongono. Ndinapukutira pasiketi.

Lolemba ndinafika woyamba pasukulu yonse. A depyute anabwera maso ali pawotchi, monga mwa masiku onse, nakweza chomenyera osayang'ana n'komwe.

Dukhu!

Ngati munthu wamenya dzungu. Sukulu yonse inafa nalo phwete. Iwo anayang'ana chitsulocho, anayang'ana ife, nakwezanso dzanja mwaukali.

"Musamenyenso!" Anali alonda a pasukulu, bambo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ali mnyamata. Sindinawaonepo akuthamanga, koma tsiku limenelo anataya ndi nsapato yomwe. "Bwana, tsitsani dzanja pang'onopang'ono. Limenelo ndi bomba."

Kuseka kunazima. Bomba lija linali likulendewerabe uku ndi uku pakawaya kanga.

Anatithamangitsira kutsidya kwa mseu, pansi pa mitengo ya bulugamu. A hedi anaimbira apolisi, apolisi anaimbira asilikali a ku Chipata, ndipo tinauzidwa kudikira. Makolo anayamba kufika, amayi anga ali m'gulu. Alonda anakhala pachitsa akufotokozera aphunzitsi, ine ndili kumbuyo kwawo khutu lili tcheru.

"Mabomba ena amangophulika basi. Koma tinkamva kuti alipo ena okhala ndi mankhwala mkati. Akakudonthera pakhungu, lero sumva kanthu. Mawa matuza. Mkuja khungu lasupuka ngati la mbatata yophika."

Ndinawerenga masiku. Dzulo anandidonthera. Ndiye kuti lero ndi tsiku la matuza. M'manja munayamba kuyabwa nthawi yomweyo. Ndinawabisa m'khwapa, kenako n'kukumbuka kuti m'khwapa namonso ndi khungu, ndinawatulutsa. Ndinali nditadyera manja omwewo, ndiponso nditasambitsira mng'ono wanga wa zaka zitatu.

Asilikali anafika dzuwa litapendeka. Wamkulu wawo anali mayi wamfupi wa mawu otsika. Anayang'ana mtengo wa mango ndi makina oonera patali, kenako anabwera kwa ife.

"Tisanalikhudze tiyenera kudziwa zimene zili mkati," anatero. "Likakhala la onga wokha, tikaliphulitsira kutali, nkhani yatha. Likakhala la mankhwala, kuliphulitsa ndiko kumwaza poizoni mumphepo, ndiye midzi yonseyi isamuke kaye. Amene analinyamula ndi amene angatithandize. Sindinabwere kudzamanga munthu."

A depyute ankayendetsa maso pa anyamata a Giredi 12. Za atsikana sanaziganizire n'komwe, ndipo ndikanakhala chete palibe akanandiloza. Koma manja ankayabwa. Ndinakweza dzanja limodzi.

"Ndinadziwa ine!" anafuula amayi. "M'mimba muja! Iwe mwana iwe, udzandipha ndisanakalambe!"

"Mayi, musamukhudze," anatero msilikali uja. Amayi anaima dzanja lili m'malere, ndipo kunena zoona aka kanali koyamba kuti boma linditeteze.

Msilikaliyo anandikhazika pandekha pamwala. Anavala magolovesi ndi chophimba kumaso, nayamba mafunso. Unalipeza kuti? Linagona chotani m'dothi? Unaligwedeza?

"Pang'ono, madamu."

"Pang'ono kangati?"

"Mwina kasanu. Ndinkafuna kumva madziwo."

Anatseka maso kwa kanthawi. "Madziwo ananunkha chiyani? Adyo? Udzu wongodula kumene?"

"Ngati ndowa yakale."

Anatuma amayi kukatenga siketi ya dzulo ija, aibweretse ndi kamtengo, osati ndi manja. Kenako anatulutsa timapepala n'kundiuza kuti tikakhudza poizoni timasintha mtundu. Kamodzi anapukuta nako m'manja mwanga, pakati pa zala, mpaka m'chigongono. Kena anakakanikiza pabanga la siketi. Timapepalato anatiika pachivindikiro choyera, tonse n'kumatiyang'ana. Kutsidya, anzake awiri ovala zolemera ngati akamba anali ataunjika matumba a mchenga pansi pa bomba kuti waya akaduka ligwere pofewa, ndipo ankalijambula mkati ndi makina onga a kuchipatala ojambulira mafupa.

Sindinapempherepo motero. Ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri, zina ndinaziiwala kale. Amayi anali atagwada patali, mng'ono wanga ali m'manja mwawo, akumuyang'ana m'khosi ndi m'mikono. Ine maso pa timapepala. Ntchentche inatera pa kamodzi, mtima wanga unadumpha poyesa kuti ndi mtundu wayamba.

Wailesi ya msilikali inalira. Anamvetsera, anayang'ananso timapepala, navula chophimba kumaso.

"Ndi madzi a mvula. Analowera poboola pa dzimbiri. Manja ako ali bwino, kasambe ndi sopo."

"Ndiye kuti ndi lakufa, madamu?"

"Lakufa? Onga wake ndi wamoyo ngati iwe. Waligunda ndi khasu, waligwedeza, walipachika, wina walimenya ndi chitsulo. Mayi ako azipita kutchalitchi kawiri pamlungu."

Kuyabwa kunatha pomwepo. Amayi anafunsa mwaulemu ngati tsopano angandikhudze. Ataloledwa anandikumbatira kaye, kenako anandigwira khutu, ndipo sanalisiye mpaka kunyumba.

Bomba analinyamula m'bokosi la mchenga, galimoto ikuyenda ngati ya maliro, nakaliphulitsira m'dzenje kuseri kwa phiri tsiku lotsatira. Mbale zinalira m'nyumba mwathu, agalu anathawira pansi pa nkhokwe. Masiku awiri sukulu inatsekedwa, asilikali akufufuza bwalo lonse ndi makina, ndipo ana a Giredi 8 ankandipatsa moni ngati phungu.

A hedi analamula kuti ndipepese pamaso pa sukulu yonse. Ndinapepesa nditazyolika, mawu akunjenjemera, mpaka aphunzitsi ena anandimvera chisoni poyesa kuti ndikulira. Mutu sindikanaudzutsa. A depyute anali ataima pambali panga, ndipo ndikanangowayang'ana kumaso kamodzi, ndikanaphulika n'kuseka, n'kuchotsedwa sukulu tsiku lomwelo.