Akalipentala Okupizira Laputopu

Akalipentala a kuseri kwa msika ku Monkey Bay ali ndi kachipinda komwe utuchi suloledwa kulowa. Akhala akukakonza kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anayamba ndi laputopu yakale, chaka china anagula kiyibodi yoimbira nyimbo, kenako masipika omwe mabokosi ake anakhoma okha ndi zidutswa za matabwa. M'makoma anamatamo mathireyi a mazira kuti mawu azimveka bwino. Akaweruka amasamba m'manja kawiri, n'kukhala pansi kumaluka nyimbo ndi ng'oma za m'kompyuta. Anzawo akamawaseka amangoti, "Ngakhale chitseko chimayamba ndi thabwa limodzi, bwana."

Okutobala wapitayu anali atalonjeza mwana wawo Shakila nyimbo yolowera pa ukwati wake. Kutatsala masiku awiri, kachipindako kanatentha ngati uvuni, laputopu n'kumangozima nyimbo isanathe. Fani ya m'kachipindako inali itapita kuchipinda kwa alendo a ukwati.

Akazi awo anawapeza atavula malaya, thukuta lili chuchuchu, akukupizira makinawo ndi lichero la mpunga.

"Abambo a Shakila, zaka zonsezi ine simunandikupizirepo ngakhale ndi chikatoni!"

"Inu simuzimazima, amayi."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako analanda licherolo. "Gwirani ntchito, mwana angachite manyazi pagulu."

Mayiwo anakupiza laputopuyo osapuma mpaka nyimbo inatha. Pa tsiku la ukwati Shakila anapempha kuti ibwerezedwe katatu, anthu akuvina, mpunga ukuzizira m'mbale.