Jekete la Malemu

Makina anga osokera ndinabwera nawo ku Chitipa kuchokera kwathu ku Thyolo nditawafungatira pamiyendo, chifukwa kondakitala ankafuna kuwaponya pamwamba pa basi limodzi ndi matumba a usipa. Tinatukwanizana mpaka anandisiya. Ndine wa mtima wapachala, akazi anga amanena kawirikawiri, ndipo sindikana.

Pa boma ndinapeza malo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Pakhondepo panali kale telala wina, mdala wa ku Misuku, wosalankhulalankhula. Anandisunthira benchi, n'kundiphunzitsa monire ndi yewo, moni ndi zikomo wa kumeneko, kuti makasitomala asamandiyese wamwano. Iye ankasoka mayunifolomu a sukulu, ine masuti ndi madiresi a ukwati. Kumene ankatenga nsalu zake sindinamufunsepo. Tinkangobwerekana simbi ya makala ndi kugawana nthochi.

Atamwalira ndinakwera njinga yamoto kupita kumaliro, msewu uli matope okhaokha, malo ena tikuchita kukankha. Kutacha, maliro ataikidwa, abale anakhala pabwalo kugawa zovala za malemu. Mwana wake wamkulu anatulutsa jekete lakuda limene mdalayo ankapita nalo kutchalitchi, n'kulikweza m'mwamba. Palibe anatambasula dzanja. Azing'ono a malemu ankangoyang'ana mitengo ya khofi ngati ayiona koyamba. Kenako mwanayo anabwera nalo kwa ine, akunena kuti bambo ake ankanditenga ngati mng'ono wawo weniweni. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri misozi ikulengeza, ndinalivala pomwepo. Amayi ena anagwira pakamwa. Ine ndinkati akudabwa kuti landikwana bwino.

Mwezi usanathe, ndili pakhonde m'mawa wozizira, jekete lili m'thupi, panaima njinga yamoto. Anatsika mkulu wina wojintcha amene ankalowetsa nsalu kuchokera ku Tanzania n'kumakongoza matelala, pambuyo pake amuna awiri amene ntchito yawo inkaonekera m'mapewa. Anandipatsa moni mwaulemu, ine n'kuyankha mwaulemu.

"Adada, ndabwerera ndalama za nsalu zanga, mipukutu ya yunifolomu imene anatenga malemu."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti nsalu yake sindinayikhudzepo ngakhale ndi nsonga ya sizasi, kuti malemu ali ndi ana ake ku Misuku, ndipo njira akuyidziwa. Iye sanakwiye. Anangotsina kolala wa jekete ndi zala ziwiri.

"Kubanja kwawo, wavala ili ndiye walowa m'malo mwa malemu. Zabwino zake ndi zanu, ngongole zake ndi zanu. Mudzi wonse unaona mutagwada."

Pamenepo ndinakumbukira amayi ogwira pakamwa aja, ndipo m'mutu munachita kuwira. Ndinavula jekete, ndinamuponyera kumaso, ndikumuuza kuti alivale yekha azidzilipira. Iye anangolozera makina anga ndi chibwano. Amuna awiri aja anaagwira uku ndi uku.

Ndinadziponya pamakinawo, ndikukumbatira mutu wake. Chibakera choyamba chinandipeza pakhutu, dziko linalira ngati belu. Chachiwiri chinanding'amba mlomo, magazi n'kudonthera pa diresi laukwati la mwini wake limene linali pasingano. Sindinasiye. Anandikoka miyendo, benchi inagwa, mabatani anamwazika mpaka mumsewu. Wina anatola pampu ya njinga n'kuyamba kundimenya nayo pazala, kamodzi, kawiri, mobwereza, ngati akuswa mtedza. Ndinamva chala chikuthyoka. Anthu anali atadzadza, ena akukuwa m'Chitumbuka, ena m'zilankhulo zimene mpaka lero sindizimva, koma wolowererapo panalibe.

Simbi inali pansi pafupi ndi phazi langa, makala ali psuu, poti ndinali nditangoyikoleza kuti ndisite diresi lija. Ndinayinyamula ndi dzanja labwino. Sindinama kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita, ndinkadziwa. Ndinamudinda nayo patsaya munthu wa pampu uja, ndipo ndinakanikiza. Fungo lake silinachoke m'mphuno mwanga mpaka pano. Munthuyo analira kulira kumene sindinamvepo kwa mwamuna, akugubuduzika pafumbi, simbi itatseguka, makala atamwazikira pa malaya ake. Apo m'pamene anthu anatigwira tonse. Ine ndinali ndikutukwanabe, makina ali pachifuwa.

Mkulu wa nsalu sanafune za apolisi, mwina chifukwa cha njira zimene nsalu zake zimadutsa, ndipo ine ndi simbi yanga ija sindinkawafunanso. Nkhani inapita kwa akuluakulu a msika. Anaitanitsa mwana wa malemu kuchokera ku Misuku. Anafika atazyolika, osandiyang'ana. Atamupanikiza anavomera kuti abale onse ankadziwa za ngongoleyo, n'chifukwa chake aliyense anabisa manja, ndiye anaona kuti mlendo wa kumwera sangadziwe kanthu. Ndinanyamuka kuti ndimulumphire, anandikhazika pansi anthu atatu. Chimene chinkandipweteka koposa chala chinali choti ndinalira misozi yeniyeni polandira jekete lija.

Wapampando anagamula momveka. Mwambo wa banja umamanga a m'banjamo, munthu sungamuveke ngongole osamuuza. Jekete libwerere ku Misuku limodzi ndi ngongole yake, ine ndilibe kanthu ndi nsalu zimenezo. Ndinamva mtima uli myaa. Ndinayang'ana mkulu wa nsalu ndikumwetulira ndi mlomo wanga wotupawo.

Kenako analowetsa wa pampu uja. Anali atachotsa bandeji. Patsaya pake panali chithunzi cha simbi yanga, nsonga yake italoza kudiso, ndipo disolo linali litayera. Mkazi wake anaima pambali atabereka mwana, akundiyang'ana osaphethira.

"Nanga iyi, adada, ndi ngongole ya ndani?" anafunsa wapampando.

Ndinatchula chala changa. Anati chalacho achiwerengera kale, achotsapo, koma chala si diso. Mtengo umene anatchula sindikanaupeza ngakhale nditasoka masuti a boma lonse. M'nyumba mwanga chinthu chofika pamtengo umenewo chinali chimodzi chokha, ndipo aliyense pamenepo ankachidziwa. Ndinavomera.

Madzulo ake ndinapukuta makina, ndinathira mafuta, ndinachotsa ulusi woyera wa diresi lija. Palibe anandikoka miyendo ulendo uno. Ndinawanyamula ndekha kudutsa mumsika wonse, n'kukawaika pakhomo pa munthu wa pampu uja. Mkazi wake ndiye analandira, ndipo ndinamuonetsa pothirira mafuta, chifukwa makina amenewo akauma amadula ulusi.