Mbawala Yovala Nsalu Yofiira

Kumtunda kwa mtsinje wa Katibas, m'nyumba yaitali momwe mudzi wonse umakhala pansi pa denga limodzi, khomo la kumapeto kwenikweni linali la Empiang. Anali mayi wamfupi wa liwu lalikulu, mlimi wa mpunga wa m'mapiri ndi tsabola wakuda. Mwamuna wake, Mujah, anali mlenje wodziwika mtsinje wonsewo, mpaka tsiku lomwe mtengo unamugwera ku ganyu yodula mitengo. Mwana wawo yekhayo, Rinya, anakwatiwa kutauni. Empiang anatsala ndi munda, mitsuko yake, ndi mbawala.

Mbawalayo anabwera nayo ndi Mujah chaka chomwe anamwaliracho. Anatulukira kuchokera kutchire atanyamula kamwana kambawala paphewa, konyowa, timiyendo tili lendelende. Make anali atafera pamsampha wa waya. Empiang anakalipa tsiku lonse kuti iye alibe nthawi yolera nyama zakutchire, koma dzuwa lisanalowe anali akukayamwitsa mkaka wa m'chitini ndi chala chake. Anakatcha Ujan, dzina lotanthauza mvula m'chiyankhulo chawo, poti kanabwera ndi mvula. Katakula anakamanga nsalu yofiira m'khosi kuti pasadzapezeke munthu wonena kuti sanadziwe. Ndipo panalibedi wosadziwa. Ana ankamupatsa chigwada pamanja, amayi ankamuthamangitsa pa mpunga woyanika, ndipo Empiang akamapita kumunda Ujan ankatsatira pambuyo ngati mwana wofuna kuberekedwa.

Ujan anali ndi khalidwe limodzi lomwe sanalisiye. M'mawa alenje akamabwera ndi agalu m'njira yodutsa m'mphepete mwa munda, asanatulukire n'komwe, iye ankadzutsa mutu, kuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, n'kumina mwamphamvu: fwuu! Zimenezi sizinkadabwitsa aliyense. Mujah ankazifotokoza kawirikawiri pakhonde akusenda nsungwi.

“Mbawala ikakuona bwinobwino sitaya nthawi, imangoliyatsa liwiro,” ankatero. “Imamina ikamva fungo la chinthu chomwe sikuchiona. Imaponda pansi, imamina, kuti chobisalacho chigwedezeke, komanso chidziwe kuti chadziwika. Zinzake zikamva zimachenjera. Ndiye iwe mlenje ukamva fwuu, usatukwane nyama. Yakuuza kuti mphepo ili kumsana kwako. Zungulira phiri, apo ayi bwerera ukathandize mkazi wako kupalira.”

Mfuti ya Mujah inapita kwa mng'ono wake, Saban, koma kuleza mtima kwa mkulu wake sanakutenge. Saban ankalowa m'tchire ndudu ili pakamwa, tsitsi lili noninoni ndi mafuta onunkhira, akukambirana za mpira ndi mnzake Lanyun. Zaka zimenezo misewu ya odula mitengo inali itang'amba mapiri, ndipo nyama zinali zitasuntha. Alenje ankabwera chimanjamanja, ndipo munthu wobwera chimanjamanja sasowa womunamizira.

“Alamu,” anatero Saban tsiku lina, akupukuta matope pamakwerero, “chinyama chanu chija ndi kazitape. Tikangonyamuka chimaimbira abale ake lamya.”

“Abale ake safuna lamya,” anayankha Empiang osasiya kupeta. “Mafuta anuwo ndimawamva ine ndili kuchimbudzi, nanga mbawala?”

Amayi anaseka chikhakhali. Saban anasekanso, koma ndi mano okha. Kuyambira pamenepo nkhani ya kazitape inayamba kuyenda khomo ndi khomo, poyamba ngati nthabwala, kenako anthu ena n'kumaikamba nkhope zili zoongoka. Chomwe chinkamupsetsa mtima Empiang n'chakuti amuna onsewo anakulira m'tchire. Ankadziwa bwino lomwe kuti kumina kwa m'mphepete mwa munda sikungawoloke mapiri kukafika komwe iwo ankasaka.

Itakwana nthawi yogulitsa tsabola, Empiang anakwera bwato ndi matumba ake kupita kutauni, n'kukagona kwa Rinya. Pobwerera masana a tsiku lotsatira, fungo la nyama yootcha linamuchingamira ali padoko.

“Eee, lero amuna athu akumbukira ntchito yawo!” anafuula akukwera makwerero.

Amayi omwe anali pakhonde anapeza mwadzidzidzi zochita m'zipinda zawo. Pakhomo pake panapachikidwa gawo lake la nyama, lokulunga m'masamba, monga zimakhalira khomo lililonse mlenje akapha. Linali lalikulu kuposa masiku onse. Empiang anaika katundu pansi n'kutsikira kuseri.

“Ujan! Ujan, bwera, ndakugulira mchere!”

Pansi pa nyumba agalu awiri ankalimbirana chinthu. Anawagenda ndi chikuni, agaluwo n'kuthawa, ndipo chomwe anasiya m'matopemo chinali nsalu yofiira, mfundo yake ili chimangire, yodulidwa ndi mpeni.

Empiang sanalire. Anakwera, anamasula nyama ija, anayenda nayo khonde lonse kuchokera kumapeto mpaka pakati pomwe panali khomo la Saban, n'kumuponyera pamiyendo.

“Mwandigawira? Mwandigawira ine? Mwapha mwana wanga n'kundipachikira pakhomo kuti ndidye?”

“Alamu, khazikani mtima pansi, inali ngozi,” anatero Saban. “Kunali nkhungu. Tinamva fwuu patchire, ndiye munthu ukamva fwuu umadziwa kuti ndi yakutchire.”

“Bodza la mwana ilo! Mwadya nonse?” Anatembenuka kuyang'ana makomo onse. “Nonsenu mwadya? Iwe Chendai, amene unkamutuma mwana wako kukamupatsa makoko a nthochi, wathira mchere wokwanira?”

Chendai, mkazi wa Saban, yemwe anali mnzake wa Empiang kuyambira ali atsikana, anangozyolika.

Mlandu unakambidwa Lamlungu atatuluka m'mapemphero. Mkulu wa nyumbayo, a Gerinang, anali munthu woopa phokoso, wofuna kuti nkhani iliyonse ithe tiyi asanazizire. Saban anabwereza za nkhungu zija. Empiang sanamuyang'ane n'komwe, anatembenukira kwa Lanyun.

“Achimwene, inu munalipo. Itamina, inatani?”

“Aaa, inangoima,” anatero Lanyun, “n'kumatiyang'ana, kenako n'kuyamba kubwera kwa ife...” Anadzigwira pakamwa mochedwa.

“Mwamva? Mbawala yakutchire yamina, yaona anthu ndi agalu, n'kumabwera kudzapereka moni! Inu a Gerinang munasakapo. Munaionapo yotero?”

A Gerinang anakanda m'mutu, anatsokomola, n'kugamula kuti Saban apereke nkhumba, nkhuku ndi chikwanje, poti chiweto cha mwini chafa m'manja mwake. Za dala kapena ngozi anati zimenezo amadziwa ndi Mulungu. Saban anabweretsa zinthuzo tsiku lomwelo, akuimba mluzu.

“Ndalipira ngozi yanga, alamu. Nkhumbayi musaimange nsalu, ingatisokonezenso.”

Anyamata anaseka. Amayi ena anabwera kudzamuuza Empiang kuti wapindula, nkhumba ndi yaikulu kuposa mbawala, ndipo imaswa. Apa m'pamene mtima wake unauma. Kupha anapha, kudya anadya, tsopano ankafuna kuti iye avomereze nawo bodza lomwe aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, kenako athokoze.

Tsiku lotsatira lomwe alenje ananyamuka kupita ku kasupe wa madzi amchere, komwe nyama zimakanyambita, Empiang ananyamukanso. Anabereka dengu kumsana. M'dengumo anaika mtsuko wa nsomba zosasitsa, zija zimanunkha mpaka kutsidya kwa mtsinje, chivundikiro n'kuchisiya kunyumba. M'thumba anatenga phulusa. Zaka zonse zomwe anakhala ndi Mujah sanangomuphikira, ankamvetseranso. Atafika pamtunda anawaza phulusa m'mwamba, anaona komwe likulowera, anazungulira mpaka mphepo inali kuchoka kwa iye kutsikira ku kasupe. Pamenepo anakhala pansi n'kuyamba kuthyola ndiwo.

Sipanapite nthawi. Kumunsi kunamveka fwuu! Kenako kwina, fwuu! Kenako mitengo kuthyoka, nyama zikukwera phiri.

Saban anatulukira ali wefuwefu, nkhope ili gwaa.

“Mukutani kuno, alamu?”

“Ndikuthyola ndiwo. Tchireli munagula?”

“Nanga mtsukowo?”

“Kamba wanga. Munthu asadye? Kodi mwaphonya? Pepani, inali ngozi. Kunali nkhungu.”

Kunalibe ngakhale kamtambo.

Zinapitirira choncho mpaka mpunga unayamba kucha. Alenje akalowera kumpoto, Empiang anali ndi nsungwi zoti akadule kumpoto. Akanyamuka mozemba podzera kudoko, ankapeza dengu lili kale pamtunda. Anayesa kumunamiza njira, koma m'nyumba yaitali khoma ndi thabwa limodzi, munthu ukayetsemula khomo lachitatu limakufunsa za chimfine. A Gerinang anamuitana n'kumuchonderera. Iye anawafunsa kuti ndi mwambo uti umaletsa mayi wamasiye kuthyola ndiwo.

Zinamuwawa nayenso. Miyendo inkatupa, misundu inkamuyamwa mpaka magazi kuyenderera m'zidendene, tsabola wake anayamba kumera udzu. Pakhonde anthu anasiya kumuyalira mphasa. Madzulo ena Chendai anamupeza kumtsinje akutsuka mabala.

“Amake Rinya, zakwana,” anatero Chendai. “Ana akudya chigwada chokhachokha. Analakwa chiyani anawo?”

“Wanga ankadyanso chigwada. Sindinamumve akudandaula.”

“Inali nyama, Empiang! Nyama! Ukufuna chiyani kodi? Nkhumba ina?”

“Nkhumba ndiitani ine? Mwamuna wako anene chomwe anaona. Basi. Mwandisandutsa wamisala m'nyumba muno, nonse mukudziwa, nonse mukundiyang'ana ngati ine ndi amene ndinalakwa. Akanakhala Mujah ali moyo, akanayerekeza? Anadikira ndikwere bwato!”

Apo liwu lake linathyoka, ndipo kwa nthawi yoyamba chifere Ujan analira, mokweza, ngati pamaliro. Chendai anakhala pambali pake pamwala mpaka anatonthola.

Chomwe Chendai anakanena kuchipinda kwake palibe anachimva bwino, ngakhale a khomo loyandikana anayesetsa. Koma m'mawa wina Empiang akupalira tsabola, anaona Saban ataima kumapeto kwa mzere, wopanda mfuti, wopanda ndudu.

“Alamu.”

“Ndikumva.”

“Nsalu ija ndinaiona,” anatero Saban. “Ndinaiona isanamine n'komwe. Ndinali nditatopa. Tsiku ndi tsiku kubwera wopanda kanthu, ana kuyang'ana m'dengu, anthu kumati akanakhala achimwene ake. Itabwera kwa ine ndinangoti, nayi nyama.”

Empiang anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anamuyang'ana mlamu wake, munthu yemwe anamuona akukula, yemwe anamuphikira pa ukwati wake. Chisoni chinamugwira pang'ono, koma mkwiyo unali ukadali pamwamba.

“Mukuuza tsabola? Tsabola sanaseke nawo. Kaneneni pakhonde pomwe munaimbira mluzu.”

Saban anakanenadi, Lamlungu, nyumba yonse ili pamphasa. Ananena mwachidule, maso ali pansi. Amuna omwe ankakamba za kazitape ankayang'ana zala zawo zakumapazi. A Gerinang anapumira m'mwamba, anaitanitsa mowa wa mpunga, anathira m'makapu awiri kuti alamuwo amwere pamodzi nkhani ithe.

Empiang anatenga kapu imodzi n'kumupatsa Saban ndi manja awiri, mwaulemu wake. Inayo anaibweza kwa a Gerinang.

“Imwani ndinu. Ine ndinati anene. Sindinati ndakhululuka.”

“Koma amake Rinya, ndiye kutchire kuja...”

“Kutchire ndasiya, miyendo yanga si yachitsulo. Akasake. Akaphonya afunse mphepo.”

Empiang anakhala zaka zambiri pambuyo pake pa khomo lake la kumapeto, akulima tsabola mpaka msana unakana. Ndi Chendai anabwererana, ankapita limodzi kumtsinje ngati kale. Saban ankamupatsa moni, iye n'kuyankha, ndipo denga lake likadontha Saban ankabwera kudzakonza osaitanidwa. Empiang ankamuphikira tiyi, n'kuima pansi pa makwerero kumuuza kuti akukhoma mokhota.