Buku limene silinang'ambidwe dzina

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachisanu sikisi koloko m'mawa, ndili wokwiya kale. M'chikwama munali kope langa la mndandanda ndi buku limodzi lokulunga m'chitenje.

Nkhani yake ndi iyi. Agogo anga, aphunzitsi a Yotamu, ankaphunzitsa pa sukulu ina ya mishoni m'mapiri a ku Dowa, ndipo anali ndi mabuku awoawo. Apolisi atawagwira agogowo m'zaka zija pamene munthu ankayamba wacheuka asanayankhule, anansi anagawana mabukuwo kukabisa. Chifukwa cha mantha, aliyense anang'amba peji yoyamba pamene panali dzina. Ine ndatha zaka ziwiri ndikuwatolera khomo ndi khomo, ndipo ndapeza makumi atatu ndi limodzi. Ndimawazindikira ndi chinthu chimodzi: agogo ankadula tsamba la fodya ndi sizasi, makona anayi ngati bokosi la machesi, n'kuliika pakati pa buku kuti njenjete zisadye. Banga lake silichoka.

Sukulu inavomera kuwasunga m'kabati yagalasi. Kenako wapampando wa komiti anandiimbira foni kuti chikwangwani cha pakabatipo chinena kuti ndi mabuku a m'busa wachizungu amene ankakhala pamishonipo.

"Mayi, mphunzitsi wakumudzi akanawapeza kuti mabuku oterewa?" anatero. "Za fodyazo musandiuze, ku Dowa kuno nyumba iti ilibe fodya? Tionetseni dzina. Loweruka tikukhoma chikwangwani."

Ndinali nditamva kuti m'mapiri a ku Ntchisi muli telala wokalamba, a Gelesomu, amene ali ndi buku lina. Kaya linali ndi dzina kaya ayi, palibe ankadziwa.

Minibasi ya ku Dowa inandidya K6,000, ndipo kondakitala anatipanikiza anayi pampando wa anthu atatu, akulumbira kuti tonse ndife ochepa thupi. Mayi amene ndinakhala naye anasuzumira m'chikwama changa.

"Mukukalalikira kodi?"

"Ayi, ndikukakangana."

"Basi, mudye kaye," anatero, n'kundinyemera mbatata yophika.

Eyiti koloko itadutsa tinaima pa Dzaleka, pamene kale panali ndende ya andale koma lero ndi msasa wa anthu othawa kwawo. Ogulitsa chapati anathamangira m'mawindo, zinenero zili mbwee. Amayi anga sanatiuzepo kumene apolisi anawatengera agogo, koma tikamadutsa pamenepa ankayang'ana kumbali. Ine tsiku limenelo ndinayang'anitsitsa mpaka minibasi inanyamuka, ndipo chapati ndinagula ziwiri.

Pa Dowa boma, wa njinga yamoto anati mpaka ku Ntchisi ndi K15,000. Ndinamufunsa ngati akundigulitsa njingayo. Tinagwirizana K12,000. Msewu unali wafumbi, wokhotakhota m'zitunda, uku ndi uku zigafa za fodya zili zopanda kanthu poti nyengo inali itatha. Pachitunda china njinga inakana, ndinatsika n'kuyenda wapansi, miyendo ili mbuu.

"Mavuto onsewa chifukwa cha buku, amayi?" anandifunsa bamboyo tili pamwamba. "Si zimapezeka pa foni zimenezo?"

"Limeneli mulibe m'foni."

Tinafika dzuwa lili paliwombo pa kamsika ka magolosale anayi. A Gelesomu anali pakhonde, akupalasa makina osokera, magalasi omanga ndi ulusi. Ndinagwada n'kupereka moni, kenako ndinanena kuti ndine mdzukulu wa aphunzitsi a Yotamu. Makina anaima.

"Akubwera ambiri onena zambiri," anatero. "Mwabwera ndi chiyani?"

Ndinamasula chitenje n'kutsegula buku langa pakati. Anayang'ana banga lija nthawi yaitali. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku la mapu lachikuto chobiriwira, m'mphepete atalisoka ndi kansalu.

Anatsegula okha. Peji yoyamba inalipo. Dzina la agogo linali pamenepo, la inki yabuluu, zilembo zopendekera kumanja ngati za amayi anga. Pakati pa bukulo panali tsamba lenilenilo la fodya, louma, la makona anayi. Ndinalira, sindibisa, pamaso pa anthu ogula sopo.

"Malemu akazi anga anandigwadira kuti nding'ambe," anatero a Gelesomu. "Ndinati munthu amene anandiphunzitsa kulemba dzina langa, ine nding'ambe lake? Ndinalisokera m'kati mwa pilo. Zaka zonse zija ndinkatsamira mapu."

Ndinafotokoza za chikwangwani, ndipo ndinapempha kuti nditenge bukulo.

"Ayi."

"Agogo, ndi la kwathu limeneli."

"Anandibwereka okha, mwana wanga. Anati ndidzabweze m'manja mwawo. Sanabwere."

Mtima unandiwawa. Ndadya fumbi la maboma awiri kuti nkhalamba indikanize buku la agogo anga? Ndinajambula ndi foni, koma ndinkadziwa kale yankho la wapampando, kuti foni masiku ano imapanga chilichonse. Ndinawauza a Gelesomu zimenezo mosanyengerera. Iwo anangolowetsa ulusi pa singano.

"Mwati Loweruka?" anandifunsa. "Buku lipita, koma lipita ndi ine."

Ndinagona kwa mwana wawo wamkazi. M'mawa faifi koloko tinakwera njinga ziwiri, K10,000 iliyonse. A Gelesomu anavala jekete yosoka okha, buku analimangirira pamimba ndi mpango, ndipo njira yonse ankalangiza woyendetsa ngati iwo ndiwo analambula msewuwo.

Tinafika pasukulu naini koloko. A komiti anali atasonkhana m'kalasi mmene muli kabati, chikwangwani chopentedwa bwino chili patebulo, hamala ndi misomali pambali pake. Wapampando anatilandira ndi ulemu wa munthu amene wapambana kale.

A Gelesomu anamasula mpango n'kutulutsa buku. Anatsegula peji yoyamba. Anatsegula pakati. Kenako anati, "Bambo, sankhani nokha buku lililonse m'kabatimo."

Wapampando anatenga limodzi, banga la makona anayi. Anatenga lina la pansi penipeni, chimodzimodzi. Pa lachitatu, a Gelesomu ananyamula tsamba louma lija ndi nsonga za zala n'kuliika pa bangalo. Linakwanira ndendende.

"Tikambirana ku komiti," anatero wapampando, akupukuta magalasi.

"Komiti si imeneyi?" ndinatero ine. Amayi anga akanandidzudzula chifukwa choyankha akuluakulu chonchi, koma sindinabweze mawu.

"Kambiranani," anatero a Gelesomu. Anakoka mpando wa ana asukulu n'kukhala patsogolo penipeni pa kabati, buku pamiyendo. "Ine ndinadikira kale zaka zambiri. Sindikuthamangira kulikonse."

Palibe amene anagwira hamala. Patapita kanthawi, mayi wina wa m'komitimo anatenga chikwangwani chija n'kuchitembenuza chafufumimba, n'kundifunsa kalembedwe ka dzina la agogo.

Pobwerera ndinakwera lole ya chimanga mpaka pa boma, K2,000, nditakhala pamatumba. Zaka ziwiri ndinkaganiza kuti ntchito yanga ndi kusonkhanitsa mabuku onse malo amodzi n'kutseka ndi loko. Koma buku limene linapulumutsa anzake ndi lomwe linakana kulowa m'kabati. Lole ikudumpha, ndinatsegula kope langa n'kulemba nambala 32: buku la mapu, chikuto chobiriwira, dzina lilipo. Pa mzere wa kumene lili ndinalemba kuti lili kwa a Gelesomu, anabwereka, sanabweze, ndipo asawavutitse.